Mzere wa Amayi

Lachitatu madzulo, ku Chilomoni. Lero mtima wandiwawa.

Ndimakonza kapulogalamu ka pakompyuta ka mphakati wathu, kosonyeza mndandanda wa nyumba zomwe timakapempherako. Ndimafuna kawerenge mzere wachiwiri wa mndandandawo. Ndinalemba 2, kuiwala kuti kompyuta imayambira pa ziro powerenga. Kanatulutsa mzere wachitatu: dzina la Amayi, nyumba ino, Loweruka.

Mwezi sunathe chiwaikireni m'manda.

Atcheya a mphakati anandiuza kale kuti, "Achimwene, ingofufutani mzerewo." Iwo akuona ngati n'zophweka. Ndikangofufuta, mayina onse apansi akwera, wina akhala pamalo pawo, sipatsala ngakhale kampata kosonyeza kuti panali munthu.

Nambala ija ndakonza. Koma mzerewo, dzanja likukana...