Anthu Anamuseka Rozina

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ine kuno mtima sukukhala pansi, n'chifukwa chake ndatenga cholembera.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu, mkazi wa Jusa, anachira mwezi wathawu pachipatala cha pa Boma. Ndi mwana wamkazi, mphumi yake ndi yanu ndendende. Nandolo chaka chino wabereka, koma apusi atipweteka ku chimanga cha kumtunda. Denga la khitchini likudonthabe. Jusa akuti akonza mawa, ndipo mwana wanu mukumudziwa, mawa lake silifika.

Chondilembetsa ndi china. Ahedi kusukulu kwathu anandipempha kuti ndilembe sewero loti ana anga a Sitandade 8 achite pa tsiku lotsekera. Ndinalemba za mayi wina dzina lake Rozina, wothawa nkhondo ku Mozambiki. Thupi lake linafika kuno bwinobwino, koma maganizo anatsalira konko. Rozina kulibe, Amayi, ndinangomupeka. Koma ndisakunamizeni, ndinamuveka zanu. Ndinamupatsa mawu anu aja akuti, "Lero mutu wanga uli ndi alendo, musandiyankhulitse." Ndinamupatsanso kuthamanga kwanu. Mukukumbukira ndege yothira feteleza m'minda ya tiyi ikamadutsa? Munkataya chilichonse chili m'manja, kaya lichero kaya ndowa, n'kuliyatsa liwiro kulowera ku nthochi. Ine ndinkachita manyazi. Tsiku lina anzanga akuseka, nanenso ndinaseka nawo kuti asanditchule mwana wa wamisala. Munandiona. Simunanene kanthu, ndipo chimenecho chimandiwawa mpaka lero.

Milungu itatu ndinakhala ndikulemba n'kufufuta. Ndimafuna anthu a kuno ku Milonde aone chimene chimachitika m'mutu mwa munthu wotere, amve chisoni, mwina nane ndipepukidwe. Nanga si mukudziwa masewero a kwathu kuno? Munthu wosokonezeka mutu akangotulukira pabwalo, ndiye kuti nthawi yoseka yakwana. Ndinaiwala zimenezo, ine mphunzitsi wathunthu. Mtsikana wochita Rozina atamva kulira kwa ndege, anathamanga n'kukabisala pansi pa desiki. Bwalo lonse linafa nacho chikhakhali. Makolo, aphunzitsi, ngakhale abusa ankapukuta misozi ya chimwemwe. Ena mpaka anakuwa kuti abwerezenso. Ine ndinaima kuseri kwa bolodi. Ndinali nditakutengani m'manda n'kukakuimikani pagulu kuti akusekeninso.

Mmodzi yekha sanaseke, mng'ono wanu, mayi aang'ono a Luwiza, amene munaoloka nawo malire. Anthu atabalalika anandikokera pansi pa mtengo wa mango.

"Iwe Felisita, uja ndi mkulu wanga, eti?"

Ndinavomera.

"Ndiye walemba bodza. Mayi ako sankabisala. Ankapita kukatenga mwana."

Ndinafunsa kuti mwana uti, poti ine ndimadziwa kuti woyamba ndine.

Anandiuza zonse, Amayi. Kuti kwanu kuja munali ndi khanda la masiku asanu, lisanatuluke m'chikuta, lisanapatsidwe ndi dzina lomwe. Kuti tsikulo munaligoneka pamthunzi wa nthochi kuseri kwa nyumba, inu n'kupita kukachapa matewera kumtsinje, ndege yankhondo n'kubwera kudzaponya mabomba. Munathamanga koma munapeza zitachitika kale. Azimayi anakaliika okhaokha mwakachetechete, monga mwa mwambo wa khanda lotere, n'kukulangizani kuti musalire, mungatseke mimba. "Sanalire," anatero a Luwiza. "Ngakhale dontho. Pofuna kuti iwe udzabadwe."

Kuyambira tsiku limenelo sindikukhazikika. Ndikayamba kuchonga makope, ndimapezeka ndaima pakhomo. Ndikapita kumsika wa pa Chitakale, ndimabwerako osagula chimene ndinapitira. Ndakwiya, Amayi, ndinene poyera. Zaka zonsezi munandisiya ndikuchita nanu manyazi, pomwe mawu awiri okha akanandikwanira. Kenako ndimadzikwiyira ndekha, chifukwa sindinafunsepo n'kamodzi komwe kuti mukuthamangira kuti.

Ahedi akufuna seweroli tikalichitenso kutchalitchi, ati linasangalatsa anthu. Jusa akuti ndiling'ambe, za kumanda zisiyidwe kumanda. Ndinaligwira kawiri kuti nditero, manja anakana. Ndikaling'amba, Rozina adzatsala pansi pa desiki paja, ndipo anthu azidzamukumbukira akafuna kuseka.

Ndiye ndayambanso kulemba, ndipo ndikupempha chilolezo chanu, ngakhale sindikudziwa kuti mungandiyankhe bwanji. Sindidzatchula dzina lanu. Koma Rozina akamva ndege, adzathamangira ku nthochi anthu akuona chimene akukatenga. Akafika, palibe amene adzamugwire pakamwa. Adzakhala pansi, adzatambasula miyendo, ndipo adzalira maliro onse, nthawi yonse imene angafune. Kaya anthu atopa, adikire. Inu munadikira kuposa pamenepo.

Ndimakukondani, Amayi. Ndikulonjeza kuti mkulu wanga uja aliridwa.

Ndine mwana wanu wachiwiri,
Felisita