Purosesa ya Hilario

Mbenje, Nsanje
Okutobala 1992

Okondedwa achimwene a Jeremiya,

Muli bwanji ku Joniko, pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno tikupuma. Mvula inatikana, tikudya chimanga chachikasu cholandira, ndipo miyendo ya amayi yayambanso kutupa. Kalatayi ndapatsira Andrea woyendetsa lole, ku positi sindikufunakonso.

Achimwene, mlamu wanu Hilario ali m'chitokosi ku boma, ndipo chamulowetsamo ndi kalata yanu ija.

Mukukumbuka zimene munalemba. Munati kompyuta imene mukumukonzera, yoti azitayipira anthu makalata ndi makadi a ukwati, yatsala ubongo wake, kachitsulo kamene mumati purosesa. Munati asankhe pakati pa 386 ndi 486. Munati 486 ndi yamphamvu, yothamanga, koma imatentha msanga ukaigwiritsa ntchito. Munatinso mudzatumiza zidutswazidutswa, iye adzalumikize yekha, ndipo asauze anthu zisanafike.

Kalatayo inafika yotsegula kale. Tsono muiwerengenso ngati munthu wokhala pamalire pano, amene amagona akumva mfuti za ku Mozambiki. Apolisi amene anabwera kudzamutenga akuti chinthu cha nambala, chobwera m'zidutswa, chotentha ukachigwiritsa ntchito, iwo amachidziwa bwino.

Hilario anawafotokozera kuti ndi kachinthu kochepa ngati bisiketi, ka timiyendo tambirimbiri. Anamuseka, akuti bisiketi ya miyendo sanaionepo. Kenaka anayamba kufunsa za agogo athu, kuti anachokera tsidya liti. Tinabadwira kuno tonse, koma lero tasanduka alendo.

Ndatopa, achimwene. Ndatopa ndi njinga yobwereka, ndi kuyimirira pakhomo pa chitokosi paja ndi mbale m'manja, ndi anthu a kutchalitchi amene amayang'ana kumbali ndikamadutsa. Inunso ndinakukwiyirani, sindibisa. Mwakhalitsa kunjako mpaka mwaiwala kuti kuno kalata imakhala ndi owerenga ambiri.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Mutumize kapepala ka kusitolo kokhala ndi chithunzi cha purosesayo, nambala yake ikuonekera, ndipo ngati muli ndi yakufa imene munataya, muikemo, aigwire ndi manja awo. Mkulu wina wa apolisiwo wati akaiona ndi maso mwina aganizapo. Mumupatsire Andrea pobwerera. Musachedwe, chifukwa akunena zomutumiza ku Blantyre, ndipo opita kumeneko sitimva za iwo msanga.

Dzulo anandilola kumuona. Waonda, milomo yachita kung'aluka. Ndinamufunsa ngati ndimubweretsere bulangeti kapena mankhwala a malungo. Iye anayang'ana mlonda, nkundinong'oneza m'Chisena kuti ndikuuzeni kuti waganiza bwinobwino, kutentha kulibe kanthu, adzaikira fani yoziziritsira. Wasankha 486.

Ndinalephera kuseka, ndinalepheranso kulira. Mugule imene mukufuna, achimwene. Ine mundibwezere mwamuna wanga.

Mulungu akusungeni. Mupereke moni kwa alamu a Winifred ndi ana onse.

Ndine mlongo wanu,
Clotilda