Manti Opita Kuchipatala

Okondedwa Achemwali a Mohira,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kazan kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Namangan tilipo, mphesa zatha.

Chigonekedwereni mlamu wanu Sevara m'chipatala, wophikira ana ndine. Ndaphunzira kukanda ufa wa tirigu ndi kuumba manti ang'onoang'ono oti mwana azidya ali m'manja kusukulu. Ndimaikamo dzungu ndi anyezi, koma anga amang'ambika pa nthunzi. Dzulo Nilufar anasuzumira m'mbale n'kunena kuti, "Ababa, awa ndi manti kapena nsapato zakutha?" Tinaseka. Kenako Jasur, wamng'ono uja, anakulunga awiri m'kansalu kuti ndikapatse amayi ake.

Sevara anangowanunkhiza, n'kundiuza kuti ndizichepetsa madzi mu ufa. Ndinadya ndekha podikira basi. Kunyumba ndinauza ana kuti amayi amaliza onse, Jasur mpaka kuvina.

Madokotala asiya kukamba za opaleshoni, akungoti ndizibwera ndi ana pafupipafupi. Munati mudzabwera chisanu chikatha. Ngati n'kotheka, Achemwali, musadikire.

Ndine mlongo wanu,
Otabek