Mayina a pa Kapepala ka Ahedi

Lolemba, 20 Meyi

Alangizi a zamaphunziro akubwera Lachinayi kudzaonerera kalasi langa, sitandade 4. Ahedi, a Alexio, akuti fomu yawo imafunsa chimodzi: kodi mwana aliyense akutenga mbali? Ana 103, mabuku 19. Atenga mbali ya chani?

Lachiwiri, 21 Meyi

Tayeseza phunziro lomwelo katatu, magulumagulu, ngati kwaya yokonzekera ukwati. Poweruka ahedi andipatsira kapepala, mayina 17 a ana osatha kuwerenga. "Madamu, awa Lachinayi apume."

Zaituni alipo pa kapepalapo. Zaka 13, wabwereza kawiri, koma mwezi uno wayamba kulumikiza maphatikizo. Bambo ake, a Rajabu, ndinachita kuwagwira mwendo mu Januwale kuti asamuchotse sukulu n'kumuika pa okala yawo.

Lachitatu, 22 Meyi

Ana 17 aja ndawauza ndi pakamwa pangapa. Ndati mawa malo achepa chifukwa cha alendo. Bodza lopanda ndi mchere womwe. Zaituni wangopinda kope lake n'kutuluka. Ndadzida.

Lachinayi, 23 Meyi

Alangizi afika pa njinga yamoto, jekete lili mbuu ndi fumbi la ku Msakambewa. Mphindi 35 basi. Manja m'mwamba, mayankho osajejema. Azungulira magulu, uku achonga, uku achonga. "Ana anu onse amawerenga, madamu. Aphunzitsi a zoni yonse adzaonere kwa inu." Ahedi mano onse pamtunda.

Sanatsegule kope ngakhale limodzi. Kaundula sanamufunse.

Lolemba, 27 Meyi

Pa 17 aja abwerera 16.

Lachitatu, 29 Meyi

Zaituni mpaka lero zii. Ndauza ahedi. Akuti, "Mwayamikiridwa, mukufunanso chani?" Lipoti la alangizi alimata pakhoma la ofesi, dzina langa atalilemba mzere kunsi.

Loweruka, 1 Juni

Ndatsetsereka mpaka pamsika. A Rajabu andilandira bwino, mpando, moni. Nditayamba za sukulu anandidula mwaulemu.

"Aphunzitsi, ine mawu anu ndinawamvera. Koma pakabwera alendo, mbale imene timabisa ndi yong'aluka. Mwana wanga munamubisa ndinu. Kuno ine sindimubisa."

Zaituni anali kuseri kwa kauntala, akuyeza mchere m'timapepala. Ndamuitana dzina. Wapukuta manja pachitenje, maso ali pa sikelo.

"Mugula chani, madamu?"