Madontho a pa vaisi

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kwatentha, basi.

Vaisi ija, chida chopanira zitsulo, yakhala masiku awiri m'ndowa ya madzi a soda. Waya wakuda wa batire ndinamangirira pa vaisiyo, wofiira pa chitsulo chakutha cha pulawo. Madzi anachita thovu, dzimbiri n'kusamukira ku chitsulocho.

Vaisi imeneyi ndiyo inatidanitsa ndi mng'ono wanga Yotamu. Bambo ankakhoma madontho pa zida zathu, atatu pa zanga, awiri pa za Yotamu. Bambowo atamwalira, Yotamu anainyamula vaisiyo kupita nayo ku Bolero. Ndinamutcha wakuba pamaso pa anthu, ndipo sitinalankhulanenso mpaka tamuika m'manda mwezi watha.

Mkazi wake, NyaGondwe, anabwera nayo yekha. "Alamu, tengani chitsulo chanu. Mwina tsopano mupeza tulo."

Lero masana ndaivuula, ndaikwecha ndi burashi ya waya. Madontho aoneka bwinobwino. Ndi awiri. Ndakwechanso kufunafuna lachitatu mpaka zala zachita matuza. Palibe.

Ndaipaka oyilo kuti isachitenso dzimbiri. Mumtima muli zii.

Pikapu ya ku Bolero imanyamuka m'mawa. Vaisi ndingathe kuinyamula, sikulemera kwenikweni. Koma mawu okanena pakhomo pa NyaGondwe...