Mawere Ndanyika Kale

Mudzi wa Kamwendo,
Biriwiri,
Ntcheu.
24 Ogasiti, 2010

Okondedwa mwana wanga Cyprian,

Choyamba ndifuna ndimve za moyo wanu, inu pamodzi ndi apongozi anga mayi a Mfundo ndi ana. Ine kuno ndadzuka bwino, kungoti mphepo ya kuphiri ikawomba bondo lija limandikumbutsa kuti lilipo. Amene akundigwirira cholembera ndi a Malita, akazi a malemu a Kingston, mayi omwe aja ankakuthamangitsani m'mapichesi mwawo. Ndawauza kuti alembe mawu anga monga akutulukira, asawathire shuga, ndipo tikamaliza andiwerengera kuti ndimve ngati sanadumphe pena.

Ndasankha kalata chifukwa pa foni mumayankhula ngati basi ikukusiyani. Mukamaliza zanu mumati mayunitsi atha, ine zanga zikadali pakamwa. Pepala lilibe mayunitsi, ndiye lero mundimvera mpaka ndimalize.

Uthenga wanu ndinaumva bwino tsiku lija munaimba pa foni ya a Lukia kugolosale. Munati pa mwambo wa chiliza cha bambo anu mwezi wamawa, zakumwa zikhale za m'mabotolo zokhazokha, ndipo chakudya adzaphike anthu a ganyu ochokera ku Blantyre konko. Munati mukubwera ndi abwana anu ndi anzanu a kuofesi, ndiye simufuna adzaone anthu akumwera m'zikho thobwa lophikidwa pabwalo, kuopa kuti angatsegule m'mimba. Munati mawere amene amayi a m'mudzi abweretsa ndiwabwezere eni ake mwaulemu. Munamaliza ndi mawu akuti tikaumirira zakumudzi zathuzi, inu mudzabwera panokha tsiku lina kudzaona manda. Mawu anu ndinawanyamula onse, sindinagwetse ndi limodzi lomwe panjira.

Makireti anu a zakumwa afika. Anawatsitsa m'minibasi tsiku la msika, anthu onse akuona, ndipo ali kugolosale kwa Che Ahmad, amuna a Lukia. Nditapita kukawaona, Che Ahmad anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Mayi Nangozo, katundu wanu wanditsekera khomo. Anthu akuyesa ndalemera, ayamba kundipatsa moni ndi manja awiri."

Ine ndinati, "Dyereranitu ulemuwo, Che Ahmad, poti ndi wobwereka."

A Lukia sanaseke nawo. Anandikokera kuseri kwa matumba a mchere n'kundifunsa kuti, "Anzanga, ndiye ndowa ija ndiichotse pakhonde? Mundiuze ndisachite manyazi." Ankanena ndowa yotsekera imene timaikamo thobwa lathu, iwo n'kumatigulitsira pakhonde la golosale.

Inu munachoka kuno kalekale, ndiye mwina simudziwa mmene zinthu zilili. Mawere anthu anasiya kulima. Aliyense anathamangira tomato ndi kabichi, zimene mavenda a kutawuni amabwera n'kutchula okha mtengo, ukakana amakwera lole yawo n'kukusiya nazo zikuwolera pamsewu. Tatsala makomo ochepa okha amene timafesabe mawere m'mbali mwa phiri, ndipo tinagwirizana kuti tizigwira ntchito pamodzi. Timapanga chimera chathu, timaphika thobwa masiku a msika, amamwa madalaivala, amamwa anthu ochokera tsidya la Mozambique, amamwa ngakhale aphunzitsi. Kukakhala ukwati kapena chinkhoswe amatiitana kuti tikaphike. Mawere akakhala m'nkhokwe sawola, sadikira lole ya munthu. Janeti, mdzukulu wa a Malita amene anakwatiwa kuseri kwa tchalitchi, anafolera nyumba yake ndi malata chifukwa cha thobwa lomweli. Atsikanawa ndinawaphunzitsa ndine, kuyambira kunyika mpaka kudziwa kuti phala lazizira mokwanira kulandira chimera.

Tsono Janetiyo anabwera kuno ataona makireti aja. Anakhala pamphasa, mwana ali kumbuyo, n'kuyamba ndi nthabwala zake.

"Agogo, tamva kuti kwanu tidzamwera m'timapaipi ngati odwala a kuchipatala. Tiyambe kuphunzira?"

Ndinati, "Iwe, pakamwa pako mpotakata ngati chipata cha khola. Nena chimene wadzera."

Apo anasiya kuseka. Anati, "A Jasper aja anatiuza kuti tidzaphike pa ukwati wa mwana wawo mu Okutobala, dzulo anatumiza mawu kuti tiyambe taima. Akuti aone kaye za kwa Nangozo. Akuti ngati mwana wophunzira wa Nangozo wakana thobwa la mayi ake, nawonso ali ndi ana kutawuni, safuna kuoneka otsalira. Ndiye bambo a kunyumba akuti munda wa mawere uja chaka chino abzalamo tomato, zotopa ndi kuingitsa mbalame iwo ayi."

Mwamva, mwana wanga? Inu mukuona ngati ndi nkhani ya tsiku limodzi, anthu amwe, avine, abalalike. Kuno anthu akuyang'ana pakhomo panga. Thobwa likapanda kumwedwa pa chiliza cha mwamuna wanga, palibenso amene adzatiitane, ndipo mvula ikagwa palibe adzafese mawere m'mudzi muno.

Za kubweza mawere zija, ndikuganiza kuti munangoiwala, chifukwa sindikufuna kukhulupirira kuti munanena mukudziwa. Amayi aja sindinawapemphe. Atangomva tsiku la chiliza, aliyense anabwera yekha ndi lichero lake pamutu, monga inenso ndinkasenzera langa kupita kwawo pamene anaika amuna awo ndi ana awo. Lichero lotere silibwezedwa. Kulibweza ndi kumuuza munthu kuti pa maliro a kwanu asadzapondepo, ndipo pa maliro a kwawo inunso simudzaoneka. Mufuna ndiyende khomo ndi khomo, ndi bondo langali, kukadula chibale ndi anthu amene anagona pansi m'nyumba muno sabata imene bambo anu anatisiya? Tsiku langa likadzafika adzandisambitse ndani, ophika a ku Blantyre?

Komanso ngakhale ndikanafuna, kubweza sikungathekenso. Mawere ndanyika kale. Ndinawatsanula, ndinawayala m'chipinda chija munkagona, n'kuwafunditsa masamba a nthochi. Amera bwino kwambiri, timizu toyera ngati ndevu za nkhalamba, nyumba yonse ikununkhira. Panopa ali padzuwa, a Malita akulemba uku akuponya timiyala kuingitsa nkhuku. Mawere akamera sabwereranso m'nkhokwe, ndipo safesedwa. Njira yake ndi imodzi yokha, ya kumgolo.

Apa a Malita aika cholembera pansi. Akuti, "Nangozo, nenani bwino. Ine sindikufuna kukalapa kwa abambo ansembe tchimo la eni ake." Chabwino, alembe. Pamene munkaimba foni ndinali ndisananyike. Ndinanyika tsiku lomwelo, nditamva mawu anu. Kuchoka kugolosale sindinakhale ndi pansi pomwe, ndinangofikira kutenga ndowa kupita kumjigo. Musadzati mayi akalamba, anasokoneza masiku, kapena kuti a Malita ndiwo anandinyenga. Iwo anandiuza kuti ndiyambe ndagona, mtima utsike. Ndinachita dala, mutu uli bwinobwino, ndipo mukanati muimbenso mawa lake ndikanakuuzani chimodzimodzi.

Nkhani ya m'mimba ija inandipweteka, ndisakubisireni. Thobwa langa limawira kawiri, lero ndi mawa lake, madzi ake ndi a pamjigo, ndipo pamgolo sipafika munthu wosasamba m'manja. Inu munakula ndi chiyani? Popita ku sekondale ija, chigubu chimene munkabisa m'chikwama pakati pa malaya munali chiyani? Munkabwera pa holide masaya ali phwii, osati ngati munthu wotsegula m'mimba. Ngati mimba za ku Blantyre zinasanduka za mapepala, mundiuze, ndidziwe kuti ndiziwaphikira madzi okhaokha adzukulu anga.

Ndiye muganizirenso mwini chilizayo. Bambo anu a Nzunga anatha unyamata wawo m'migodi ya ku Joni. Ankati kumeneko ankawapatsa mahewu m'zitini, oyera ngati laimu, kumwa kwake kongofuna mphamvu. Ulendo uliwonse akabwera, ndi sutikesi yawo ndi chipewa chawo chija, tiyi ankamukana mpaka nditawapatsa chikho cha thobwa. Ankamwa ali chiimire, jekete osavula. Munda wa kuphiri uja anaswa okha ndi manja awo kuti ndizifesamo mawere, ndipo atakalamba, maso atayamba kuchita chifunga, ankakhalabe pachulu ndi chitini cha miyala kuopseza mbalame, akutukwana mpheta m'chilankhulo cha kumigodi. Anzawo a ngoma akubwera kuchokera mbali ya ku Lizulu ndi zishango zawo kudzawavinira komaliza. Mufuna madoda amenewo aponde pansi atamwa zampweya, azingogeya pamaso pa manda?

Musaganize kuti ndikufuna kukuchititsani manyazi. Ndine mayi wanu, ndikudziwa kuti munthu wa pantchito amayenda ndi maso a anzake kumsana. Mipando tabwereka kutchalitchi. A Lukia ati abwereketsa matambula awo agalasi amene amasungira alendo a pa Idi, kuti abwana anu asagwire chikho ngati sakufuna. Makireti anu sinditaya, ndi thukuta lanu. Adzakhala kuseri kwa nyumba pamthunzi, wofuna adzapita yekha kukatenga, ndipo ana adzakudalitsani. Koma kutsogolo, pamene padzakhale akuluakulu, padzayenda thobwa.

Ophika aja muwauze asavutike ndi ulendo. Mpunga ndaitanitsa kwa a Silvester, asuweni anu amene amalima kusikimu ya mpunga ku Bwanje, ndipo ati abwera nawo okha panjinga. Mbatata ya kachewere ndi kabichi zichokera m'madimba a konkuno. Mbuzi adzazinga ndi Che Ahmad monga timachitira nthawi zonse, kuti anzathu achisilamu adzadye nafe osafunsa. Anthu a ganyu anuwo akanabwera ndi nyama yawo ya m'mapepala, theka la msika likanabwerera ndi njala.

Pali chinthu china chimene sindinafune kuti chilembedwe, koma a Malita akuti ndikachisiya adzakuuzani okha pamaso pa anthu. Mawere amene amayi anasonkha anali okwanira migolo iwiri, ya anthu a m'mudzi ndi a ngoma. Nditakhala pansi n'kukumbukira kuti munati anzanu adzadzaza minibasi, ndinaona kuti thobwa lidzaperewera, ndipo mlendo wochokera kutali sapatsidwa zotsalira pansi pa mgolo. Ndiye ndinatsitsa mphika uja umakhala kudenga la kukhitchini, womata ndi dothi pakamwa, n'kuuboola. Munali mbewu yanga ya chaka chino, mawere ofiira aja ndinalandira kwa agogo anu nditangokwatiwa, amene ndakhala ndikusankha ngala zake chaka ndi chaka. Ndinanyika yonse.

A Malita atandipeza anakuwa, "Nangozo, mwapenga? Mvula ili pakhomo, mudzafesa chiyani, phulusa?"

Ndinati, "Ndidzapempha kwa inu."

Anati, "Anga ndi oyera, ofiira munali nawo ndinu nokha, nkhalamba yamakani inu!"

Sananame. Koma zachitika, ndipo sindikulira nazo. Mgolo wachitatuwo ndi wanu, inu ndi alendo anu. Dziwani kuti thobwa silidikira munthu. Likagona masiku limasasa, limayamba kuluma lilime, ndipo madoda a ngoma adzakondwa nalo kwambiri likatero. Koma ine sindinaboole mphika wa agogo anu chifukwa cha madoda a ku Lizulu.

Mundiperekere moni kwa mayi a Mfundo. Muwauze kuti sindinawakwiyire, ndipo sindikufunsa kuti nzeru ya mabotolo inayamba ndi ndani. Abwere ndi chitenje chakale, pali malo awo pamoto pakati pa ine ndi Janeti. Moni kwa Mfundo ndi mlongo wake Chisomo, muwauze kuti agogo awasungira chimera chokazinga pang'ono choti adzatafune. Moni kwa abwana anu, ngakhale sindiwadziwa. Muwauze kuti mayi wokalamba wa ku Biriwiri akuwaitana ndi pakamwa pake, adzalawe kamodzi, akakana adzakane okha osati kukaniridwa ndi inu. A Malita akupereka moni, akuti mapichesi aja anakhululuka. A Lukia ndi Che Ahmad akupereka moni. Amayi onse a gulu lathu akupereka moni, ndipo sindinawauze zoti munati mwina simubwera.

Sindikukupemphani, mwana wanga, ndikukuuzani tsiku. Mwambo uli Loweruka pa 18 Seputembala, Misa ikatha tonse tipita kumanda. Mgolo wanu ndidzauvundikira ndi nsalu yoyera, ndipo palibe adzaukhudze mpaka dzuwa litapendeka. Likadzapendeka musanafike, ndidzauvundukula ndekha n'kugawira anthu, ndipo akadzandifunsa kuti Cyprian ali kuti, ndidzati galimoto yamufera panjira. Musandinamitse pa manda a bambo anu.

Ambuye akusungeni nonse kufikira tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mayi wanu wokubalani,
Nangozo