Njinga Yopanda Mpando ya Alamu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ife kuno tilipo, koma amayi mwendo uja ukuwavutabe.

Alamu athu, amuna ake a mlongo wathu Esinati, akuyenda pa njinga yamoto yowonda ngati galu wa kudoko. Ilibe mpando, amayendetsa ali chiimire. Akuti anagula kwa mzungu wa paloji yogona alendo ku Senga Bay. Akamadutsa, anthu amasiya usipa pathandala n'kumawaimbira m'manja. Ine mtima umachita kuwawa.

Nditatopa nazo, ndinaitana makanika wa ku Salima kuti adzaione njingayo. Anagwada, n'kupukuta nambala ya pafelemu, amvekere: "Iyi si ya kabaza ayi, ndi yampikisano wokwera miyala. Inapangidwa ku Spain, koma matayalawa ndi a ku Joni."

Apo ndinayang'anitsitsa. Waya wa buleki ngomangidwa ndi kachingwe, mfundo yake yamanzere ija mumamangira maukonde. Ku Lifuwu konse kuno womanga choncho ndinu nokha, achimwene.

Sindikudandaula, Mulungu akusungeni. Koma mukadzatumizanso ina, ikhale ya mpando, chifukwa amayi kuchipatala amene ndimapita nawo ndine, pa njinga yakapalasa.

Ndine mng'ono wanu,
Maliko